Dola ya Siliva Imene Ndinabisa mu Mlambe

Inu owerenga, ndikupempha kuti mupirire nane, pakuti sindine wozolowera kufotokoza zinthu pagulu, ndipo sukulu ndinalekezera kupulayimale ya kumudzi kwathu. Ndinalakwira amalume anga, munthu amene anandilera, ndipo chifukwa cha ine anakhala zaka zinayi kutali ndi kwawo. Sindikudandaula za boma kapena za munthu wina aliyense. Amene ndikumuneneza pano ndine ndemwe. Dzina langa ndi la mudzi wathu sinditchula. Mungodziwa kuti kwathu ndi kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, ukachoka paboma la Mangochi kulowera njira ya ku Makanjira, kufupi ndi mishoni yakale.

Bambo anga anapita kukagwira ntchito kumigodi ndili wakhanda ndipo sanabwererenso. Ine ndi amayi tinkakhala pakhomo pa achimwene awo, amene anthu ankawatchula kuti Che Barnaba. Akazi awo anali atamwalira kalekale osasiya mwana, choncho mwana wawo ndinali ine. Ntchito yawo inali yosema mabwato. Ankatha miyezi akugogoda chipika chimodzi ndi kasemasema, ndipo bwato limene asema iwo asodzi ankalidziwira patali. Za fizi, yunifomu ndi makope anga zonse zinkachokera m'mabwato amenewo.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Pamasewera a mpira ankandisankha pomaliza, m'kalasi sindinkakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Koma mumtima ndinali ndi njala yakuti munthu wamkulu andiyang'ane n'kunena kuti wachita bwino. Ndinkasesa ofesi ya aphunzitsi ndisanatumidwe, ndinkalemba mosamala mpaka dzanja kuwawa. Njala imeneyo ndi imene inandipweteketsa.

Amalume anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachikonda kuposa zonse. Chinkakhala m'kachitini ka fodya, mkati mwa bokosi la zovala, pansi pa buku la mapemphero. Inali ndalama ya siliva ya ku Amereka, yotchedwa dola, yaikulu kuposa ndalama zonse zimene ndinaziona, yolemera, yozizira ukaiika pachikhatho. Bambo awo ankagwira ntchito yosonkhezera moto wa injini m'sitima ya mishoni. Tsiku lina mzungu woyang'anira injiniyo anagwera m'madzi, iwo anamuvuula, ndipo mzunguyo anawathokoza ndi ndalamayo. Pakuti kunalibe sitolo yoti n'kuilandira, anaiboola pamwamba n'kulowetsa chingwe, ndipo agogo anga aakazi anaivala m'khosi mpaka tsiku la imfa yawo.

Lamulungu tikachoka kutchalitchi, amalume ankaitulutsa n'kundionetsa. Mbali ina inali ndi mutu wa mayi atayang'ana kumanzere, atavala kachisoti, m'tsitsi lake muli ngala za tirigu ndi thonje. M'mbali mwake munali nyenyezi khumi ndi zitatu. Amalume ankati mzungu uja anauza bambo awo kuti nyenyezizo ndi zigawo zoyamba zimene zinagwirizana kukhala dziko limodzi, ndiponso kuti mayiyo si mfumukazi ayi, koma chithunzi chabe cha ufulu, popeza anthu a kumeneko sankafuna nkhope ya mfumu pandalama zawo. Pansi pa khosi la mayiyo panali chaka chimene ndalamayo inasulidwa, cha m'ma 1880. Mbali inayo inali ndi chiwombankhanga chitatambasula mapiko, chofanana ndi nkhwazi zathu, ndipo m'zikhadabo chinagwira mivi itatu ndi kanthambi ka masamba. Mivi ndi nkhondo, kanthambi ndi mtendere. Kanthambiko kanali katafufutika chifukwa chokhuzana ndi chifuwa cha agogo kwa zaka zambiri. M'mphepete monse munali timizere tothinana, kuti munthu akapala siliva wake zizidziwika. Ankatinso kuli zina za golide, zazing'ono koma zolemera kwambiri, ngakhale iwo sanazione.

Chimene ndinkachiyembekezera kwambiri chinali cha pomaliza. Ankaikhazika dola ija pansonga ya chala, n'kuigogoda pang'ono ndi msomali. Inkalira kamawu kowonda, kotalika, kosafuna kutha. Kenako ankagogoda sheleni yathu, imene inkangoti khwe n'kukhala chete. Ankaseka n'kunena kuti, “Wamva, mphwanga? Siliva weniweni sabisala. Ukamufunsa amayankha.”

Ndili mu Sitandade 7, dera lathu linali lisanapole ku mavuto aja amene akuluakulu onse a kuno akuwakumbuka, pamene anthu ena anathawira m'mapiri n'kuyamba kulimbana ndi boma. Malole ankabwera m'midzi n'kutenga anthu. Kunkamveka kuti mtsogoleri wa anthu a kuthengowo anathawira ku Amereka. Kuyambira pamenepo amalume anasiya kutulutsa kachitini kaja. Anandiitanira kumene ankasema bwato n'kundiuza motsitsa mawu kuti za ndalama ija zithere pakhomo pomwepo. Ndinavomera kuti ndamva.

Tsiku lina aphunzitsi athu, bambo wofatsa wochokera ku Nkope, ankatiphunzitsa za ndalama za dziko lathu. Anationetsa kaluso kena. Ukaika pepala pamwamba pa ndalama n'kumapaka pensulo mopendeketsa, chithunzi chonse chimatulukira papepalapo. Tinapaka tambala wa pa sikisipensi, chimanga cha pa sheleni ndi njovu za pa ndalama ya masheleni awiri. Pomaliza anati aliyense akapake ndalama imene angaipeze kunyumba, ndipo amene abweretse chithunzi chokongola kuposa onse, achikhoma pakhoma.

Inu owerenga, chenjezo la amalume ndinalikumbuka bwino. Sindinganame kuti ndinaiwala. Koma ndinadziuza kuti ndalamayo siituluka m'nyumba, chituluke ndi chithunzi chabe. Masana amenewo, amalume ali kudooko ndipo amayi akuyanika usipa pathandala, ndinatsegula bokosi lija. Ndinayesa mbali ya mayi, koma tsaya lake linatuluka lakuda bii, ndiye ndinang'amba pepalalo. Mbali ya chiwombankhanga inatuluka bwino zedi: nthenga iliyonse, dzina la dzikolo mozungulira, ndi mivi itatu ija. Kanthambi ka mtendere kokha ndi kamene sikanaoneke, pakuti kanali kofufutika. Chaka nachonso panalibe, chifukwa chinali kumbali imene ndinang'amba.

M'mawa mwake aphunzitsi anakweza pepala langa m'mwamba kuti onse aone. Ananditchula dzina kawiri. Anzanga anawomba m'manja, ndipo amene sankandiyankhula anabwera kudzasuzumira. Sindinasangalalepo chotero chibadwire. Aphunzitsiwo sanaganize choipa chilichonse. Anangokondwa ndi luso, n'kulikhoma pafupi ndi bolodi.

Linakhala pamenepo masiku atatu. Tsiku lachinayi kunabwera tcheyamani wa nthambi ya chipani kudzamvera nyimbo zimene tinkakonzekera. Pozungulira m'kalasi anaima pa pepala lija nthawi yaitali. Anafunsa mwini wake, ndipo ine ndinaimirira manja kumbuyo, ndikuganiza kuti kukubwera kuyamikiridwa kwina. Anandifunsa mokoma, akundisisita phewa, kuti ndalama yokongola choteroyo ndinaiona kuti. Ndinayankha mwaulemu wonse kuti ndi ya amalume anga, amaisunga m'kachitini, ndipo sawonetsa anthu. Mawu otsirizawo sanandifunse. Ndinawonjezera ndekha pofuna kuti yankho langa likhale lokwanira.

Anachotsa pepalalo n'kulipinda, kuliika m'thumba la malaya. Atatuluka, ndinaona nkhope ya aphunzitsi yasintha. Pa nthawi yopuma anandikokera kuseri kwa kalasi n'kundinong'oneza kuti ndithamange ndikawauze amalume zonse, pompano.

Ndinathamangadi. Koma ndikuyandikira kunyumba ndinamva kugogoda kwa kasemasema kuchokera kudooko, ndipo ndinaima. Ndikawauza bwanji kuti ndinatsegula bokosi lawo? Andiyang'ana motani? Pamenepo ndinaganiza nzeru imene ndinkaiyesa yabwino: ndalamayo ikasowa, umboni usowanso, amalume apulumuka, ndipo sadzadziwa chimene ndinachita. Ndinalowa m'nyumba, ndinaitenga, ndinathamangira ku mlambe waukulu umene uli panjira ya kumanda. Mtengowo uli ndi mphako m'mwamba pang'ono. Ndinakwera pogwira zikhomo zimene anthu ofuna uchi anakhomamo, ndinaiponya m'mphakomo, n'kutsika. Ndinabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde ngati palibe chachitika.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, tcheyamani ndi anyamata anayi, lole itaima kumsewu. Anaitanitsa amalume kudooko, ndipo anabwera ali ndi tizipalapala ta mtengo m'tsitsi. Tcheyamani anatambasula pepala langa n'kuwafunsa kuti ndalama za ku Amereka akuzilandira kuchokera kwa yani, nanga mivi imeneyi akufuna kulasa nayo ndani.

Amalume anaseka, kuseka kwenikweni. Anati, “Aa, bambo tcheyamani, mwavutikira chimenechi? Ndi mkanda wa malemu amayi anga uwu. Inu simukuwakumbuka atauvala kutchalitchi? Dikirani ndikuonetseni. Ili ndi chiboo cha chingwe, ndipo chaka chake chilipo. Inasulidwa ine ndi inu tisanabadwe, ngakhale amene mukuwaganizirawo asanabadwe.”

Analowa m'nyumba. Ndinamva bokosi likutseguka, kenako chete. Anatuluka ndi kachitini kopanda kanthu. Amayi anati, “Achimwene, yang'anitsitsani, mwina yagwera m'zovala.” Anyamata aja anakhuthula bokosi lonse pabwalo, anafukula pansi pa mphasa, anasolola udzu wa denga. Tcheyamani anati tsopano nkhani yaoneka poyera: ndalama yoti ndi mkanda chabe munthu sangaibise, ndipo pamene pali imodzi pali zambiri. Anawonjezera mokweza kuti aliyense amene wathandiza kuibisa, kaya ndi mkazi kaya ndi mwana, akwera nawo lole yomweyo.

Apo amalume anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana kumaso, kenako m'mawondo, kenako kumasonso. Anafunsa mofatsa, “Mphwanga, kapena iwe waiona?”

Mlambe unali pamtunda woti munthu n'kupita n'kubwerako madzi asanawire pamoto. Ndinayang'ana lole ija, ndinayang'ana zibonga za anyamata aja, ndipo ndinati, “Sindikudziwa.”

Sanandifunsenso. Anapukuta manja pa kabudula wawo, anauza amayi kuti bwato limene lili kudooko aliphimbe ndi makuti a kanjedza lingang'ambike ndi dzuwa, n'kuyamba kuyenda okha kulowera kumsewu.

Zimene zinatsatira ndizifotokoza mwachidule. Amayi anapita kuboma kangapo ndi kamtolo ka chakudya, koma ankangouzidwa kuti munthuyo anapita naye kwina. Anthu anasiya kudutsa pakhomo pathu. Kutchalitchi benchi yathu inkakhala ya ife awiri. Aphunzitsi aja anawasamutsa chaka chisanathe. Ine mayeso ndinalemba, koma za sekondale zinathera pomwepo, ndipo ndinayamba kukoka nawo makoka a eni ake. Bwato lija linakhala pansi pa makuti mpaka chiswe chinalidya.

Musaganize kuti sindinayese kukonza. Patatha milungu iwiri ndinakweranso mlambe uja, ndinapisa dzanja m'zinyalala za mileme mpaka ndinaipeza. Ndinaimanga m'kansalu, ndinayenda wapansi mpaka kuboma, ndinawoloka Shire, ndinakaima pansi pa mtengo moyang'anizana ndi ofesi ya apolisi. Ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Mawu onse ndinali nditawakonza. Wapolisi wina atatuluka n'kundifunsa chimene ndikufuna, ndinati ndikudikira munthu. Ndinabwerera n'kukaiponyanso m'mphako muja. Ndinachita zimenezi katatu m'zaka zinayi zija, ndipo katatu konse ndinabwerera nayo.

Chimene chinandisautsa kwambiri ndi kulira kwa ndalama kuja. Kunayamba tsiku limene ndinabwerako kuboma ulendo woyamba. Ndikukoka khoka masana, pakati pa phokoso la anzanga, ndinkamva kamawu kowonda kaja m'khutu, ngati wina wagogoda ndalamayo kumbuyo kwanga. Ndikatembenuka, palibe munthu. Belu la kutchalitchi likasiya kulira, iko kankapitirira. Supuni ikagwa pa mbale ndinkadzidzimuka. Maliro akachitika m'mudzi, ndinkazungulira njira ya kutali kuti ndisadutse pa mlambe uja, mpaka anthu anayamba kunena kuti ndimaopa mizimu. Amayi ananditengera kuchipatala cha mishoni, anandithira mankhwala m'makutu, koma sizinathandize. Amayiwo ankaganiza kuti ndalamayo inabedwa ndi munthu wa chipongwe, ndipo tsiku lililonse ankamutemberera wakubayo ine ndili pomwepo, ndikudya chakudya chimene aphika.

Amalume anabwera m'chaka chachisanu, nthawi ya mphepo ya mwera, atakwezedwa pa lole ya nsomba. Ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha. Anali ataonda, mano akutsogolo palibe, ndipo makutu anali atagontha, moti kuti amve unkayenera kufuula pafupi. Za kumene anali sananenepo kanthu, ndipo ife sitinafunse. Kasemasema wawo ndinali nditamusunga bwino, wopaka mafuta, koma atamunyamula dzanja linanjenjemera, anamubwezera pansi. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana anthu odutsa.

Ndinapirira mwezi umodzi. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi, amayi atapita kukaona wodwala, ndinapita ku mlambe, ndinabwera nayo n'kugwada patsogolo pawo. Inali itada, koma mayi uja ndi nyenyezi zake ankaonekabe. Zinthu zimene ndinkalephera kuzinong'ona kwa zaka zinayi ndinayenera kuzinena mofuula, kukamwa kuli pakhutu lawo: kuti ndine ndinapaka chithunzi, ndine ndinauza tcheyamani, ndine ndinabisa, ndine ndinanama.

Anaitenga n'kuipukuta ndi chala chachikulu. Anati, “Ndinadziwa tsiku lomwelo. Mawondo ako anali oyera ndi fumbi la khungwa la mlambe. Ukuganiza kuti munthu wosema mitengo sangadziwe mtengo umene mwana wakwera?”

Ndinafuula kuti nanga bwanji sananene, bwanji sanandikakamize.

“Ndinakufunsa kamodzi, ndipo ndinadandaula kuti ndafunsiranji. Ndikanafunsa kachiwiri ukanavomera, iwe sutha kukana kawiri. Ndiye akanakukweza pa lole. Mlongo wanga ndikanamuuza chiyani?”

Ndinawafunsa ngati akanawasiya ndalamayo ikanaoneka, ndi chiboo chake ndi chaka chake. Anakweza mapewa. Anati mwina akanawasiya, mwinanso ayi, masiku amenewo zinali zovuta kudziwa. Yankho limenelo ndi limene ndimagona nalo ndi kudzuka nalo, pakuti mpata woti tidziwe ndinautaya ndine.

Kenako anandituma msomali. Anaikhazika ndalamayo pansonga ya chala, inagwa kawiri chifukwa cha kunjenjemera, kachitatu inakhazikika. Anaigogoda n'kuiyandikiza kukhutu. Ndinaona pankhope pawo kuti sakumva kanthu.

“Ikulira, mphwanga?”

“Ikulira, amalume!”

“Chabwino. Undiuze ikasiya.”

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Amayi ndinawauza zonse maliro atatha. Sanandikalipire, koma papita nthawi yaitali asananditchule dzina, amangoti iwe. Ndalama ija anakana kuiona. Ili ndi ine, m'kachitini komwe kaja, ndipo sindiigogoda.

Inu owerenga, makamaka achinyamata anzanga amene muli ofatsa ngati ine, amene mumakondwa mkulu akakusisitani phewa, ndimvereni. Anthu amatiyamikira kuti ndife ana abwino, osavuta, koma mtima wofuna kukondweretsa aliyense ndi woopsa, chifukwa umakondweretsa amene ali patsogolo pako n'kupweteka amene ali kunyumba. Makolo akakuuzani kuti chinthu ichi chithere pakhomo pano, musafunefune njira yochizembetsera mwaulemu monga ndinachitira ine ndi pepala ndi pensulo. Mukafunsidwa, yankhani chimene mwafunsidwa, musawonjezere kuti muoneke anzeru. Ndipo mukalakwa, thamangirani kwa munthu amene mwamulakwirayo nthawi yomweyo, musayambe kukonza nokha mobisa. Ndikanatsikira kudooko masana aja, amalume akanandikalipira, mwina akanandikwapula, koma akanawalandira alendo aja ndalama ili m'manja. Ndinaopa manyazi a ola limodzi, ndipo iwo analipira ndi zaka zinayi, mano awo, makutu awo ndi ntchito ya manja awo.

Lamulungu lililonse ndimapita kumanda kukazula udzu pamene amalume anagona, ndipo tsopano ndimadutsa njira ya pa mlambe. Anandiuza kuti ndiwauze ikasiya kulira. Ndimaima pamenepo, ndimamvetsera, ndipo mpaka lero ndilibe choti ndiwauze.